Masipika ong'ung'udza: zimene ndinagula, zimene zinagwira, ndi bokosi limene sindidzalikhululukira

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzi. Womaliza anali mlamu wanga, amene ananditumizira mawu ojambula pa WhatsApp: masekondi khumi a "hmmmm" basi, kenako iwo, "Alamu, ndigule chiyani kuti zimenezi zithe?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi. Koma ndinene poyera kuti sindine woweruza wopanda mbali. Pali bokosi lina limene ndili nalo chakukhosi mpaka lero, ndipo pali kachingwe kena kamene ndimakaikira kumbuyo ngati m'bale wanga. Muwerenge mukudziwa zimenezo.

Zida zanga si zodabwitsa. Ndili ndi ampu ya pulagi ya mano atatu, masipika awiri, TV yolumikizidwa ku dikoda ya dishi, ndi kompyuta ya padesiki imene inkatumiza nyimbo pa USB kupita ku ka DAC, kabokosi kamene kamasandutsa manambala a kompyuta kukhala mawu. TV ndi DAC zonse zinkalowa mu ampu ndi zingwe za RCA, zija za mitu yofiira ndi yoyera. Kwa chaka chathunthu ndinasunga alendo awiri osaitanidwa. Woyamba anali phokoso lokhuthala, lapansi, losasintha, limene masana silinkadziwika kwenikweni koma usiku nyumba ikati zii linkadzaza chipinda chonse. Wachiwiri anali kalikhweru kopyapyala kamene kankatsatira dzanja langa. Ndikasuntha mausi, "tswiii". Ndikamatsitsa tsamba la pa intaneti, "tsiki-tsiki-tsiki". Ndikatsegula gemu, kankakwera mawu ngati udzudzu wapeza khutu.

Kulakwa kwanga kunali kuthamangira mankhwala ndisanadziwe matenda. Phokoso lililonse lili ndi mwini wake, ndipo khutu limatha kumutchula dzina. Magetsi a m'nyumba amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi m'maiko ambiri a mu Africa ndi Europe, ndipo maulendo 60 ku North America. Phokoso lapansi lija ndi magetsi amenewa akumveka m'sipika. Oimba gitala ya besi angalizindikire msanga, chifukwa 50 Hz, ndiko kuti maulendo 50 pa sekondi aja, ili pafupi kwambiri ndi G wapansi wa pa chingwe chokhuthala chija, amene ndi 49 Hz. Likakhala laukali pang'ono, la "zzzz", ndiye kuti labwera ndi ana ake, 100 Hz, 150 Hz ndi ena otsatira. "Dit-dit-dit-drrr" uja womveka foni isanalire ndi wa netiweki ya GSM, imene imatumiza uthenga modukizadukiza maulendo pafupifupi 217 pa sekondi. "Ssss" wa m'katwita, kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala kaja, ndi wa ampu yeniyeniyo. Kuthetheka pozungulitsa voliyumu ndi dothi la m'kati mwa chozungulitsiracho, ndipo mankhwala ake ndi sipule yotsukira zolumikizira, monga DeoxIT, basi.

Alendo anga onse awiri anali ana a bambo mmodzi, ground loop. Zida ziwiri zikalumikizana kudzera njira ziwiri, mwachitsanzo waya wa ethi wa m'mapulagi komanso chingwe cha mawu, pamapangika mkombero. Ethi wa soketi iyi, wa soketi iyo ndi wa chingwe chochokera ku dishi safanana ndendende, ndiye kamphamvu kena kamayamba kuyenda mozungulira mkomberowo. Tsoka lake, pa chingwe cha RCA waya wakunja wokuta uja ndi yemweyo amene mawu amabwererapo, choncho ampu siingasiyanitse nyimbo ndi kamphamvu kosokera kaja. Imangokuza zonse. Ndipo mawu a pa RCA ndi ofooka, muyeso wake wa masiku onse ndi pafupifupi 0.316 V, kotero kagawo kakang'ono kwambiri ka voti n'kokwanira kumveka chipinda chonse.

Njira yopezera wolakwa ndi yaulere ndipo imatenga mphindi khumi. Zimitsani ampu, zulani zonse kumbuyo kwake kusiya masipika ndi pulagi yake, yatsaninso. Kukakhala zii, vuto lili kunja, bwezerani zingwe chimodzichimodzi mpaka phokoso libwerere. Likapitirira ampu ili yokhayokha, makamaka la 100 Hz, nthawi zambiri ndi makapasita akuluakulu a m'kati amene atopa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri, chifukwa amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Ine mayeso amenewa ndinawachita nditagula kale zinthu zitatu. Nditabwezera chingwe cha TV phokoso linabwerera, nditamasula chingwe cha dishi kumbuyo kwa dikoda linati zii pomwepo. Ndinakhala pansi, chingwe chili m'manja, ndikuyang'ana bokosi limene ndikufuna kuyamba nalo.

Power conditioner

Wogulitsa anandiuza kuti magetsi a kwanga ndi "akuda" ndipo afunika kusefedwa. Mawu amenewo anandikomera chifukwa amamveka anzeru: madzi akuda timasefa, bwanji magetsi? Bokosilo linabwera lolemera ngati njerwa zitatu, lakuda bii, kutsogolo kuli manambala abuluu osonyeza mavoti. Mtengo wake unandiboola m'thumba kuposa zina zonse zimene nditchule pano mutaziphatikiza. Ndinalumikiza zonse, ndinazimitsa nyale ya m'chipinda kuti manambala aja aoneke bwino, ndinayatsa ampu. Hmmmm. Ndinasuntha mausi. Tswiii. Kwa masiku atatu ndinkadzinamiza kuti lachepa pang'ono, chifukwa munthu ukawononga ndalama zambiri khutu limayamba kukuchitira chifundo. Tsiku lachinayi mayi a kunyumba analowa n'kufunsa kuti, "Kodi chija munagula chija mudzachiyatsa liti?"

Chimene chimandipweteka n'chakuti bokosilo silinali lowonongeka. Linkachita ndendende zimene linapangidwira, kungoti zimenezo sizikhudzana ndi vuto langa, ndipo wogulitsa anayenera kudziwa. M'kati mwa ambiri mwa mabokosi amenewa muli zinthu ziwiri: zotetezera magetsi akadumpha mwadzidzidzi, zimene amazitcha MOV, ndi sefa ya makoyilo ndi makapasita imene imagwira tiphokoso tam'mwamba kwambiri. Taganizani nokha, sefa imeneyo ikanati izitsekereza 50 Hz, ikanatsekereza magetsi enieniwo ndipo ampu sikanayaka. Waya wa ethi nawo amadutsa m'bokosimo osadukizidwa, ndipo ayeneradi kutero kuti anthu asafe. Ndiye mkombero uja umakhalapobe wathunthu, wangodutsa m'bokosi lokongola. Kwa ine zinali zoipa kuposa apo, chifukwa mbali imodzi ya mkombero inkachokera padenga kudzera pa chingwe cha dishi, chimene sichinkalowa n'komwe m'bokosimo. Ndinaika mlonda pakhomo lakutsogolo, wakuba akulowera pawindo.

Anthu ena amalumbira kuti linawathandiza, ndipo sindikuti akunama. Ukagula conditioner umazula zida zonse m'masoketi osiyanasiyana n'kuzibaya pamalo amodzi, ndipo zimenezo zokha zimachepetsa kusiyana kwa ethi. Koma ntchito imeneyo ekisitenshoni wamba ya mano atatu imaigwira chimodzimodzi. Yesani kaye ekisitenshoni, ikakanika dziwani kuti bokosi nalonso likanika.

Tsono mbola yeniyeni inali pobweza. Pogula anandiuza kuti likapanda kundisangalatsa nditha kubweza. Nditawaimbira, panatulukira mfundo zimene zinali m'timalemba ting'onoting'ono: popeza katoni inatsegulidwa, adula gawo la ndalama, ndipo kutumiza katunduyo kwa iwo n'kwa ine. Katundu wolemera ngati njerwa zitatu! Ndinafunsa kuti, "Nanga bambo, ndikanadziwa bwanji kuti siligwira ndisanatsegule katoni?" Anangobwereza mfundo zomwezo mwaulemu wonse. Nditawerengetsa, zobwerera m'thumba zinali zochepa moti ndinangolisunga. Ndisalinamizire, pali chimodzi chimene linachita: "thwa" uja amene ankamveka firiji ikamayaka anachepa. Ngati vuto lanu ndi limenelo lokha, kapena mukufuna chitetezo ku magetsi odumpha, lili ndi malo ake. Pa kung'ung'udza, ndimalipatsa ziro.

Ferrite, timiyala takuda tomanga pa chingwe tija, ndi totchipa ndipo sitinamiza munthu. Timagwira mafunde a wailesi, a mamiliyoni pa sekondi, ndiye tingathandize pa phokoso la foni kapena la chaja yoipa. Pa 50 Hz n'chimodzimodzi kumanga kansalu. Ndinagula khumi, palibe chinasintha, koma sindinadandaule. Pa phokoso la foni, kuichotsa pamwamba pa sipika kumaposa ferrite.

Kuthyola dzino la ethi

Iyi si katundu wogula, koma ndiyenera kuiika pa mpikisano chifukwa ndi malangizo oyamba amene mudzamve, ndipo mnzawo wa alamu anga anali atawauza kale. Choopsa chake n'chakuti imagwiradi. Mukathyola dzino lachitatu, kapena kumasula waya wa ethi m'pulagi, mkombero umaduka ndipo phokoso limatha nthawi yomweyo. Munthu amadzimva katswiri.

Koma waya ameneyo alipo chifukwa cha tsiku limodzi lokha, tsiku limene waya wamoyo m'kati mwa ampu adzasupuke n'kukhudza chitsulo chakunja. Ethi akakhalapo, magetsi amathamangira mwa iye, fyuzi imapsa kapena bureka imagwa, nkhani yatha. Akapanda kukhalapo, chitsulocho chimakhala ndi magetsi onse chili phee, kudikira dzanja. Ndipo si ampu yokha, chifukwa zingwe za RCA zimagawira magetsiwo ku chida chilichonse cholumikizidwa, mpaka ku mahedifoni amene mwana wavala. Zida zimene zinapangidwa kuti ziziyenda popanda ethi zimadziwika ndi chizindikiro cha kabokosi kali m'kati mwa kabokosi kanzake, ndipo zimakhala ndi zotchinga ziwiri m'kati. Ngati chida chanu chilibe chizindikiro chimenecho, dzino lachitatu lisiyeni. Musasokonezedwenso ndi kabatani kolembedwa "ground lift" pa DI box ya oimba. Kameneko kamadula waya wa pini 1 pa chingwe cha mawu cha XLR, chija cha mapini atatu cha pa maikolofoni, sikakhudza ethi wa magetsi. Dzina likufanana, zochita n'zosiyana ngati moyo ndi imfa.

Isolator ya RCA

Apa tafika pa zinthu zimene zimamenya pamene pali vuto. M'kati mwake muli tithiransifoma tiwiri, kamodzi ka kumanzere kena ka kumanja. Mawu amawoloka ngati mphamvu ya maginito kuchoka pa koyilo ina kupita pa ina, popanda chitsulo chokhudzana, ndiye mkombero waduka koma ethi wa chitetezo ali pomwepo. Ndinagula yotchipa, yaing'ono ngati bokosi la machesi, ndinaiika pakati pa TV ndi ampu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka chathunthu chipinda chinati zii. Ndinatsala pang'ono kuvina.

Chisangalalo chinatha nditaisamutsira ku DAC n'kuika nyimbo. Kalikhweru kanathadi, koma ng'oma yaikulu imene ndinazolowera kuimva m'chifuwa inayamba kumveka ngati munthu akumenya katoni. Ndikakweza mawu, besi inkachita kusweka. Chifukwa chake n'chosavuta: mawu apansi amafuna chitsulo chokwanira m'kati mwa thiransifoma, ndipo chikakhala chaching'ono chimakhuta msanga n'kuyamba kupotoza mawuwo. Opanga zotchipa amasungira ndalama pa chitsulo chomwecho. Ndinaphunziranso kuti ukaigoneka pamwamba pa ampu, pafupi ndi thiransifoma yaikulu ya magetsi, imatola maginito a pamenepo ndipo kung'ung'udza kumabwerera kudzera khomo lina. Isuntheni pang'ono, muitembenuze, mudzamva phokoso likukwera ndi kutsika.

Zabwino zilipo. Kampani ya Jensen ya ku America, imene Deane Jensen anayambitsa mu 1974, imapanga za mtundu wa Iso-Max, ndipo Lundahl ya ku Sweden imadziwikanso ndi mathiransifoma a mawu. Zimenezi besi siziidya, koma mtengo wake umaluma. Chigamulo changa: yotchipa ndi yokwanira pa nkhani za pa TV ndi timasipika ta padesiki timene besi yakuya tilibe kale, koma ngati muli ndi sabuufa imene mumanyadira, mudzamva kuti mwaberedwa. Musaiike pa mawaya opita ku masipika, malo ake ndi ampu isanafike.

Pali msuweni wake woika pa chingwe cha eriyo, ndipo pa eriyo wamba ndi mankhwala abwino zedi chifukwa amadula mkombero pa gwero. Pa dishi samalani. Dikoda imatumiza 13 V kapena 18 V kudzera pa chingwe chomwecho kukadyetsa LNB, kachida ka pamphuno pa dishi kaja, ndipo isolator yodula chitsulo chonse imadulanso chakudya chimenecho. Phokoso lidzatha, zithunzi nazonso.

Isolator ya USB

Iyi ndinaigulira kalikhweru ka mausi, ndipo mlandu ndi wanga chifukwa sindinawerenge. Zotchipa zambiri zimakhala ndi chip ya ADuM3160 kapena ADuM4160, imene ilibe vuto, koma mapepala ake amanena mosabisa kuti liwiro lake lodutsitsira uthenga limafika 12 Mbps basi. Ma DAC ambiri amakono amalankhula pa 480 Mbps. Ena akapeza msewu wopapatiza amadzichepetsa n'kuyenda pa 96 kHz kapena kutsika, ena kompyuta siwaona n'komwe. Yanga inali ya gulu lachiwiri. Ndinabaya, ndinazula, ndinasintha doko, ndinayambitsanso kompyuta kawiri, zii, ndipo osati zii amene ndinkafuna. Vuto lina ndi mphamvu: doko la USB 2.0 limapereka mpaka 500 mA, koma tizida timeneti nthawi zambiri timadutsitsa yocheperapo, ndiye DAC yodya kwambiri imangoyaka n'kuzima. Zilipo zofika 480 Mbps, zokhala ndi chip monga ADuM4165 kapena ISOUSB211, ndipo ngati USB ndiyo njira yokhayo imene muli nayo, funani zimenezo. Pa katoni pakangolembedwa "USB 2.0" popanda nambala ya liwiro, kaikirani, chifukwa 12 Mbps nayonso imaloledwa kudzitcha USB 2.0.

Zingwe za balanced, za XLR kapena TRS, ndiyo njira ya m'masitudiyo. Mawu amayenda pa mawaya awiri, pini 2 ndi pini 3, ndipo chida cholandira chimangomvera kusiyana kwa awiriwo. Phokoso limene lalowa mofanana pa onse limadzifafaniza lokha. Ngati DAC yanu ndi masipika anu onse ali ndi madoko amenewa, musawerengenso zambiri, gulani zingwe ziwiri. Koma mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala za balanced. Adaputa yosintha mutu wa RCA kukhala XLR imangosintha chipewa, munthu ndi yemweyo. Ndiponso si zida zonse za XLR zimene zinalumikizidwa bwino m'kati. Neil Muncy analemba za vuto limeneli mu 1995 m'magazini ya Audio Engineering Society, kuti opanga ena ankalowetsa pini 1 m'kati mwa dera la mawu m'malo moilumikiza ku chitsulo chakunja pakhomo pomwepo, ndipo mu 2005 bungwelo linatulutsa muyeso wa AES48 wokonza zimenezo. Ampu yanga ilibe XLR, ndiye kwa ine njirayi inkatanthauza kugula ampu ina. Bluetooth nayo imadula mkombero, popeza palibe waya, koma mawu amachedwa moti pa filimu milomo imatsogola, ndipo ine zimenezo zimandinyansa kuposa kung'ung'udza.

Chingwe cha optical

Tsopano m'bale wanga uja. Doko lake linali kumbuyo kwa TV zaka zonsezi, kakhomo kakang'ono kowala mofiira, ndipo lina linali kumbuyo kwa kompyuta. Dzina lake ndi TOSLINK, Toshiba inalitulutsa mu 1983, ndipo limanyamula uthenga wa S/PDIF, umene Sony ndi Philips anakonza. M'chingwemo mulibe chitsulo ngakhale pang'ono, ndi ulusi wa pulasitiki wodutsamo kuwala. Kamphamvu kosokera kalibe poyenda, mafunde a foni alibe pogwira, ndipo palibe thiransifoma yodya besi. Zimene isolator imayesetsa kuchita movutikira, chingwechi chimangobadwa nazo. Pa zonse zimene ndinagula, ferrite yokha ndiyo inali yotchipa kuposa icho.

Sindinena kuti zinayenda tsiku loyamba. Poyamba chinkakana kulowa, ndinakankha mpaka chala kuwawa, kenako ndinaona kuti kunsonga kuli kachipewa kapulasitiki koonekera kamene umayenera kuchotsa. Chitalowa, matchanelo ena ankamveka, ena DAC inkangoti chete. TV inkatumiza Dolby Digital, chinenero chimene DAC ya stereo siimva, ndipo ma DAC ena m'malo mokhala chete amatulutsa mkokomo woopsa, choncho tsitsani voliyumu musanayese. Mumalowa m'makonzedwe a mawu a TV n'kusankha PCM, chinenero chimene DAC imamva, basi.

Kenako panachitika chimene chinatsala pang'ono kunditayitsa chikhulupiriro. Zonse zili m'malo, kuwala kofiira kukuyenda, ndinayatsa ampu: hmmmm. Ndinagwira njakata. Kuwala kunganyamule bwanji magetsi? Ndinagwada kumbuyo kwa kabati ndi tochi ya foni, kutsatira waya aliyense ndi chala, ndipo ndinamupeza. Pofuna kusunga soketi, DAC ndinkaidyetsa 5 V kuchokera pa doko la USB la TV yomweyo. Mkombero umene ndinaudula ndi kuwala ndinaulumikizanso ndekha ndi kawaya ka mphamvu. Chingwe chakale cha USB chochokera ku kompyuta nachonso chinali chikadali chobaya kumbuyo kwa DAC, osagwira ntchito koma chitsulo chake chikukhudza. Ndinazula zonse ziwiri, DAC ndinaipatsa chaja yakeyake ya mano awiri, ndinayatsa. Ndinayang'ana kawiri ngati ampu yayakadi. Ndinasuntha mausi uku ndi uku ngati mwana, ndinatsegula gemu, kunali zii. Ngati mukukaika chaja yanu, chifukwa zina zotchipa zimabwera ndi kalikhweru kawo, yesani kaye ndi power bank, imene siikhudza khoma n'komwe.

Zofooka zake ndizinene, ngakhale monyinyirika. Chimanyamula stereo yosafinyidwa, kapena 5.1 ya Dolby Digital ndi DTS, koma Dolby TrueHD ndi DTS-HD Master Audio zimafuna HDMI. Sichikonda mtunda, mamita 5 mpaka 10 ndiwo malire a masiku onse, ndipo mukachipinda mwamphamvu chimathyoka m'kati. Pa ma TV ambiri rimoti siilamulira voliyumu ya doko limeneli, ndiye mumakhala ndi marimoti awiri. Zida zambiri zimalekezera pa 96 kHz, zimene ena amadandaula nazo, koma CD ndi 44.1 kHz ndipo sindinamvepo munthu akulira nayo. DAC yanga ili ndi khomo limodzi la optical, choncho ndinawonjezera kaswitchi kosankhira pakati pa TV ndi kompyuta. Akatswiri ena amachinyoza chifukwa cha jitter, kugwedezeka pang'ono kwa nthawi imene manambala a mawu amafikira. Mwina makina awo oyezera amaiona, ine khutu langa linkamva kung'ung'udza, jitter silinaimvepo. Ndipo malaputopu ambiri amakono alibe doko limeneli, amenewo abwerere ku isolator.

Ndiye mukandifunsa kuti ndani wapambana, ndimati yambani ndi ekisitenshoni imodzi ndi mayeso ozula zingwe aja, mupatulenso zingwe za mawu ndi za magetsi, zikakumana zidutsane mopingasa osati kugona limodzi. Ngati gwero lili ndi optical, tengani optical. Ngati mbali zonse zili ndi XLR kapena TRS, tengani zimenezo. Zikakanika ziwirizi, isolator, yabwino monga mmene thumba lingalolere. A galamafoni nkhani yawo ndi ina: musagule kalikonse musanaone ngati kawaya kopyapyala kaja kamangidwa pa sikuluwu yolembedwa GND. Mawu a singano ndi ofooka kwambiri, amakuzidwa pafupifupi 40 dB, ndipo muyeso wa RIAA, umene umabwezeretsa besi ya malekodi, umawonjezeranso pafupifupi 17 dB pa 50 Hz, ndendende pamene kung'ung'udza kumakhala.

"Ssss" wa m'katwita adakalipo kwanga ndikagunditsa khutu pa sipika, ndipo palibe chimodzi mwa zonsezi chimene chingamuchotse, chifukwa amabadwira mu ampu momwemo. Chimene chimathandiza n'kukweza mawu pa gwero n'kutsitsa pa ampu, makamaka pa masipika okhala ndi ampu m'kati, amene anthu amakonda kuwatsegula mpaka kumapeto n'kumachepetsera pa kompyuta. Ndikakhala pampando sindimumva, ndiye tinagwirizana zokhalira limodzi.

Alamu anga ndinawaimbira n'kuwauza kuti azule chaja ya laputopu nyimbo ikuimba. Ndinamva "hmmmm" akuduka pa foni pomwepo, kenako iwo akuseka. Chaja yawo ndi ya mano atatu, timasipika tawo n'tating'ono, laputopu ilibe optical, ndiye ndinawapatsa isolator yotchipa ija imene inkangokhala m'dirowa, ndipo ikuwakwanira. Atabwera kudzaitenga anaona bokosi lakuda lija pansi pa desiki, manambala abuluu akuwala, foni yanga ikuchajidwa pamenepo. Analisisita, n'kufunsa kuti, "Alamu, ichi ndiye chenichenitu, simungandigulitse?" Ndinaganizira ndalama zanga zija kwa kanthawi ndithu. Koma anakwatira mlongo wanga, ndinakana.